Kodi "chibalo" ndi chilango, kapena akuluakulu ankatanthauza zina?

Nachisale wa ku Ntcheu:
Abale, ndithandizeni. Mwana wanga anasiya mbale zosatsuka n'kuthawira kumpira, ndiye ndinamuuza kuti mawa akaweruka kusukulu agwira chibalo, asesa bwalo lonse. Azakhali anga anali pakhonde akusadzula nkhwani. Anaika lichero pansi n'kunena kuti, "Iwe, mawu amenewo usamatchulire mwana. Chibalo ankapatsa munthu wosalakwa. Uyu walakwa, um'patse chilango." Nditawafunsa zambiri anangoti abambo awo ndiwo ankachidziwa bwino. Ine chikulire changa chibalo ndi chija aphunzitsi ankatipatsa tikachedwa, kukumba dzenje la zinyalala kapena kutchetcha udzu. Nanga chibalo cha munthu wosalakwa ndiye chiti?

Mdzukulu wa Mtchona:
Azakhali anuwo anena zoona, achemwali. Agogo anga aakazi ku Dedza sankanena kuti agogo aamuna anapita kuntchito. Ankati anatengedwa ndi chibalo, monga mmene timanenera munthu wotengedwa ndi ng'ona padooko. Ananyamuka wapansi ndi anzawo, kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, akufuna kukadzisankhira okha ntchito ku Halale. Panjira anakumana ndi olemba anthu ntchito, ufa utawathera, mapazi atatupa. Anadinda chala papepala, n'kupezeka ali pamgodi wina wa golide umene aliyense ankaulambalala chifukwa cha zikoti ndi phoso lochepa. Agogo ankasunga chitupa chawo m'kachitini ka fodya, chitapindidwa kanayi, pamodzi ndi malisiti a msonkho. Ife ana sitinkaloledwa kukagwira. Atabwerako ankatsokomola usiku wonse mpaka imfa yawo.

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi Nachisale, funso lanu ndi labwino, ndipo yankho lake ndi losavuta. Chibalo ndi mawu a Chingerezi akuti "bureau" amene makolo athu anawapinda lilime. Mu 1903 ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe, kunakhazikitsidwa bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau, ntchito yake kusonkhanitsa anthu akuda ndi kuwagawa m'migodi ndi m'mafamu. Anthu ankalitcha chibaro. Tchulani "byuro" mofulumira, muike "chi" patsogolo, mumva nokha.

Koma muyambe mwadziwa chifukwa chake bungwelo linafunika. Kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, inalandira chilolezo kuchokera ku Britain mu 1889, ndipo azungu amene analowa m'dzikolo mu 1890 analonjezedwa aliyense famu ndi malo 15 okumbapo golide. Ankayembekeza kupeza Johannesburg wachiwiri. Sanam'peze. Golide analipo, koma womwazikana, ndipo miyala yambiri inali ndi golide wochepa. Mtengo wa golide unali wokhazikika, mwini mgodi sakanaukweza. Pamwamba pa izo Kampani, imene inalinso boma, poyamba inkatenga theka la masheya a kampani iliyonse yamigodi. Ndiye phindu likanachokera kuti? Linachokera pamalipiro, pachakudya ndi pogona pa munthu wakuda. Boma linathandiza ndi msonkho wokakamiza anthu kusaka ndalama, ndi chitupa, ndi lamulo la Masters and Servants la 1901 limene linachititsa kuti kusiya ntchito nthawi isanakwane ukhale mlandu wopita nawo kundende. Migodi yoipitsitsa, imene anthu ankaikana, ndi imene inkadalira anthu a bureau.

Wa ku Angónia:
Aphunzitsi, mbiri mwaifotokoza bwino, koma pa bureau pokhapo ndikukana. Kwathu kuno kunalibe bureau, kunali Apwitikizi, koma chibalo chinalipo ndipo dzina lake linali lomweli. Anganga anga ankafotokoza za asipayi, apolisi achikuda a Apwitikizi, obwera m'bandakucha, amfumu atawalozera nyumba. Mwamuna amene sankatha kusonyeza kuti wagwira ntchito miyezi 6 pachaka ankam'manga chingwe m'chiuno, ulendo kukalambula msewu kapena kumunda wa mzungu. Anganga ankabisa mlongo wawo m'nkhokwe, pamwamba n'kuwunjikapo chimanga. Lamulo limeneli linathetsedwa mu 1961, amayi anga ali kale mtsikana wamkulu. Mabanja ambiri anathawira ku Nyasaland chifukwa cha chibalo chomwechi. Mpwitikizi akanatengeranji dzina kwa Mngerezi?

Mphunzitsi Wopuma:
Achimwene, mawu amayenda ndi anthu. Amuna a ku Tete ankadutsa tsiku ndi tsiku kupita ku Rhodesia. Anabwera nawo mawuwo kwanu. Ine ndaima pa bureau.

NaNgozo:
Agogo anga anali Mngoni weniweni, mawu ena achingoni ankawakumbukirabe. Iwo ankati chibalo ndi kulembedwa. M'Chizulu "bhala" ndi kulemba, ndipo ku Natal kunali isibhalo, pamene mafumu ankalamulidwa kupereka anyamata okagwira ntchito m'misewu ya boma, kalekale bureau ya aphunzitsiyo isanabadwe. Agogowo ankaopa cholembera kuposa mkondo. Anthu a kalembera akafika pamudzi, iwo ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ankati dzina likalowa m'buku la mzungu, mwini dzina amalitsatira.

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi, sindikutsutsa agogo anu, ulemu wawo ukhale pomwepo. Koma mufunse aliyense amene anakhalako ku Zimbabwe. Chibaro ndi dzina limene ogwira ntchito anapatsa bungwe lija, osati msewu wa ku Natal.

Mnyasa wa ku Kadoma:
Ine ndinabadwira kuno ku Zimbabwe, mukomboni ya pamgodi. Agogo anachokera ku Mangochi ndipo sanabwererenso. Aphunzitsi akunena zoona kuti bungwelo ankalitcha chibaro, koma zimenezo sizisonyeza kuti mawuwo anayambira pamenepo. Mwina anthu anatenga mawu amene ankawadziwa kale n'kulipatsa bungwelo.

Chimene chimandipweteka ine ndi china. Golideyu anthu akuda ankakumba zaka mazanamazana mzungu asanafike, kugulitsa kwa Aluya ku Sofala, kenako kwa Apwitikizi ku Tete ndi ku Sena. Migodi yambiri ya azungu inatsegulidwa pamayenje akale a eni dziko. Wowalozera dzenje ankam'patsa bulangete, ndipo mpaka lero kufupi ndi Gwanda kuli mgodi wotchedwa Blanket. Kenako malamulo anati munthu wopanda chilolezo asapezeke ndi golide wosayengedwa, ndipo zilolezo zinali za azungu. Mdzukulu wa wokumba golide anasanduka wakuba pa golide wa agogo ake.

Mzungu yekha ndiye boma linkamunyamula pamsana. Britain itasiya kumangirira ndalama yake pa golide mu 1931, mtengo unakwera ndipo timigodi ta azungu tinaphuka paliponse. Mu 1933 boma la Southern Rhodesia linagula ufulu wa miyala yonse yapansi kwa Kampani ija pa mapaundi 2 miliyoni. Linkapereka ngongole kwa eni timigodi, akatswiri a boma oyeza miyala ankawalangiza, ku Que Que, komwe lero ndi Kwekwe, linamanga ng'anjo yowotchera miyala yovuta kuyenga, ndipo nkhondo yachiwiri itatha linathandiza asilikali achizungu kutsegula migodi yawoyawo. Agogo anga ankalandira tikiti ya masiku 30, kapitawo n'kumachonga tsiku lililonse. Akakwiya osachonga, tsikulo lapita pachabe. Ankakonda kunena kuti kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna.

Mdzukulu wa Mtchona:
Za tikitizo agogo ankazinenanso. Ankati mwezi wa pamgodi ndi wautali kuposa mwezi wa kumwamba, chifukwa Lamulungu ndi masiku odwala saawerengera.

Mnyasa wa ku Kadoma:
Eya. Koma tisawaone ngati anthu ongogonja. Mu 1927 pamgodi wa Shamva antchito zikwi zingapo ananyanyala ntchito, ndipo ambiri mwa otsogolera anali ochokera ku Nyasaland. Ankauzananso panjira migodi yoyenera kuipewa. N'chifukwa chake olemba ntchito ankadikirira pamadooko ndi m'njira, pamene munthu wafooka ndi njala.

Gogo wa ku Mchinji:
Ana inu mwandikumbutsa Ulere ndi Mthandizi. Ulere inali lole ya boma la Rhodesia yonyamula anthu opita kuntchito osalipira kanthu, inayamba cha m'ma 1930. Mthandizi anabwera nkhondo itatha, nawonso olemba anthu ntchito. Maina okoma, achinyanja chathu chomwe. Amayi anga akamva wina akuti wapeza chinthu chaulere ankafunsa kuti, "Ulere wake uti, wobwerera kapena wongopita?" Chifukwa pamudzi pathu akazi ambiri anakalamba akudikira. Amuna olembedwa ndi bungwe la Wenela opita kumigodi ya ku Joni ankabwerako kontirakiti ikatha. Opita okha ku Halale ndiwo ambiri anatchona.

Bambo a Chikondi:
Vuto ndi loti ana a masiku ano mawu sakuwadziwa. Mwana wanga ndinam'funsa kuti mtchona ndani, anati ndi munthu wotchena. Thangata sadziwa, chitupa akuti ndi ID basi. Ukawapatsa moni akuti "bho". Pawailesi pomwe owulutsa akusakaniza Chingerezi chiganizo chilichonse. Tikamwalira ife, ndani adzadziwe kuti mawuwa anali ndi magazi?

Gogo wa ku Mchinji:
Ngakhale kugwada polankhula ndi akulu kunatha, bambo. Mdzukulu wanga amandiyankha ali chiimire, maso ali pafoni.

Mtsikana wa ku Ndirande:
Pepani makolo, koma mlanduwu si wathu tokha. Amene anatiphunzitsa kuti chibalo ndi kutchetcha udzu ndi aphunzitsi ndi makolo, osati anzathu. Za migodi ya ku Rhodesia ine ndikuzimva lero kwa agogo a anthu ena, kwathu palibe anandikhazikapo pansi. Komanso ife tikamagwira ntchito mwezi wathunthu, malipiro osakwana ndi thiransipoti yomwe, koma osatha kuisiya chifukwa kulibe kwina, timati ndi chibalo. Mchimwene wanga ali ku Joni, abwana ake anam'landa pasipoti. Amati ali pachibalo. Kodi pamenepo talakwitsa?

NaNgozo:
Simunalakwitse, mwanangu. Inuyo ndiye mwayandikira kwa azakhali aja kuposa ife a kusukulu.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwanayu walankhula zanzeru, ndipo mawu ake akundivomereza ine. Munthu wogwidwa ndi pepala, wosatha kuchoka, ndiye munthu wa bureau. Bungwelo linatha mu 1933 koma dzina linatsala. Mayi NaNgozo, ngati ndi "bhala", bwanji kalaliki wolemba m'buku sitimutcha wachibalo?

Wa ku Angónia:
Chifukwa wachibalo ndi wolembedwa, aphunzitsi, osati wolemba. Ndipo la Apwitikizi lija simunandiyankhe. Kummwera kwa Mozambique, kwa Atsonga, amati xibalo, kutali ndi njira ya ku Tete imene mukunenayo. Kumeneko anawapititsira ndani?

Mphunzitsi Wopuma:
Amuna a kumeneko ankakumana ndi anzawo a ku Rhodesia m'makomboni a ku Joni. Mawu akanalephera bwanji kudutsa? Loweruka ndikukaona mkulu wina wa kumpingo kwathu amene anagwirako ntchito ku Shamva ali mnyamata. Ndikam'funsa mmene ankatchulira iwo, ndi "r" kapena ndi "l".