Kodi ndisinthe chifefe changa cha pampu kapena ndichisunge?

Moni nonse a pagulu pano, makamaka alimi ndi alenje amene muli ndi mfuti zovomerezeka ndi boma. Ndine mlimi wa chimanga ndi mtedza m'boma la Ntchisi, ndipo munda wanga uli kufupi ndi nkhalango, kotero kuti anyani masana ndi nguluwe usiku sizindipatsa mpata kuyambira pamene chimanga chayamba kubereka mpaka kukolola. Ndili ndi mfuti ya chifefe ya 12 geji (muyeso wa kukula kwa mpope wake), ya mtundu uja umene timangoti pampu, umene umataya khoko ndi kulowetsa chipolopolo china munthu akakokera kumbuyo chogwirira cha kutsogolo n'kuchibwezanso. Chiphaso chake ndimakonzanso chaka ndi chaka.

Mfutiyi siinathyoke paliponse, koma ine ndakula, ndipo ndikaiwomba phewa limawawa mpaka tsiku lotsatira. Chinanso n'chakuti ndikafuna kuwomba kachiwiri mofulumira, nthawi zina khoko limatsakamira pakhomo, kapena mfuti imatseka ilibe chipolopolo m'kati, ndipo pamene ndikulimbana nazo nguluwe imakhala italowa kale kuthengo. Mwana wanga akuti ndigule ya semi-automatic, imene imadzilowetsera yokha chipolopolo. Mnansi wina akufuna kundigulitsa Baikal ya mpope umodzi pamtengo wabwino, pamene ena akundiuza kuti ndingogula pampu ina yatsopano monga Mossberg 500 kapena Remington 870. Ndalama ndilibe zambiri, ndipo ndingakwanitse mfuti imodzi yokha. Ndikupempha nzeru kwa amene munagwirapo mitundu imeneyi.

Yankho la mlenje wa ku Kasungu:

Bambo, Baikal ya mpope umodziyo ichotseni kaye m'maganizo ngati vuto lanu ndi phewa. Ndi mfuti yolimba, yopangidwa ku Izhevsk m'dziko la Russia, ndipo imapirira fumbi ndi mvula, koma ndi yopepuka, ndipo mfuti ikapepuka m'pamene imamenya phewa kwambiri, chifukwa ilibe kulemera koti kulandire mphamvu ya chipolopolo. Komanso mukhala mwabwerera m'masiku a Greener ndi gogodela, owomba kamodzi n'kuyamba kupisa m'thumba, pamene inu mukudandaula kale za kuwomba kachiwiri. Nguluwe yovulala si nyama yoyima nayo pafupi mfuti ili yopanda kanthu.

Ndikufunseni, mumagwiritsa ntchito zipolopolo zolemera bwanji? Pabokosi amalemba magalamu. Ambiri timagula zimene tazipeza, za magalamu 34 kapena 36, n'kumaziwombera ngakhale poopseza anyani, pamene za magalamu 28 zimagwira ntchito imeneyo popanda kuvutitsa thupi. Za njere zikuluzikulu monga SSG muzisungire nguluwe basi.

Yankho la m'bale wogwira ntchito pafamu ku Limpopo, m'dziko la South Africa:

Akuluakulu, zimene mwafotokoza za khoko lotsakamira kawirikawiri zimachitika pamene chogwirira sichinafike kumapeto kwenikweni pochikoka. Pampu imafuna kuikoka mwamphamvu mpaka igunde, kenako kuibweza mwamphamvunso, ndipo munthu amene phewa likumuwawa amafupikitsa mkono osadziwa. Ngati mtengo wotsamira paphewa ndi wautali kuposa msinkhu wanu, dzanja la kutsogolo limakhala litatambasuka kale, ndiye kufupikitsako kumachitika msanga. Mmisiri wodziwa mfuti angathe kuudula pang'ono ndi kuikapo labala wofewa kumapeto, ndipo zimenezi zimatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi mfuti yatsopano. Muonenso m'chipinda cha chipolopolo, chifukwa dzimbiri kapena litsiro la pulasitiki likakhalamo limagwira khoko, ndiponso sipuling'i yokankha zipolopolo imafooka ikakalamba.

Ndikunena izi chifukwa mukagula pampu ina, mkono womwewo ndi phewa lomwelo zidzapita nanu ku mfuti yatsopanoyo. Komabe ngati mmisiri atapeza kuti yanuyo yathadi, ziwiri mwatchulazo n'zodalirika. Remington 870 inayamba kupangidwa mu 1950, thupi lake ndi lachitsulo, choncho ndi yolemerako, zimene zingathandize phewa lanu ngakhale kuti imatopetsa poyenda nayo. Mossberg 500 ili ndi thupi la aluminiyamu, ndi yopepukirako, loko yake yoletsa kuwomba mwangozi ili pamwamba pamene chala chachikulu chimafika mosavuta, ndipo kachitsulo kotaya khoko anakamanga ndi sikuluwu, kotero kuti kakathyoka munthu amangomasula n'kuika kena, pamene ka 870 anakakhomerera ndipo kamafuna mmisiri weniweni. Kwa munthu wokhala kutali ndi tauni, kusiyana kumeneko si kochepa.

Za semi-automatic, mwana wanu sakunama. Imene imayendera mpweya wa chipolopolo, monga Beretta A300, imachepetsa ululu wa paphewa ndipo vuto lokoka limatheratu. Koma imafuna kuitsuka kawirikawiri, ina imakana zipolopolo zopepuka, ndipo kachipangizo kake kakawonongeka mudzadikira nthawi yaitali. Kuno ku South Africa lamulo la 2000 loyang'anira mfuti silimulola munthu wosaka mwa apo ndi apo kukhala ndi chifefe cha semi-automatic, pamene pampu amalola. Kumudzi ku Malawi kuli malamulo akeake, choncho mufunse ku polisi musanalipire chilichonse.

Yankho la mayi wina woweta ng'ombe ku Mchinji:

Ine ndisiyana pang'ono ndi achimwene a ku Limpopo. Malemu bambo anga anasiya pampu atakalamba n'kutenga ya mipope iwiri, ndipo sanadandaulepo. Ilibe chokoka, imawomba kawiri motsatizana popanda kusuntha dzanja, ndipo mukaithyola pakati aliyense amaona ndi maso kuti ilibe kanthu, chinthu chofunika kwambiri pakhomo pamene pali adzukulu. Imene ili ndi tizitsulo tiwiri towombera ndi chala imakupatsaninso mwayi woika chipolopolo chopepuka mumpope umodzi ndi cha SSG mumpope winawo, n'kusankha malinga ndi chimene chatulukira. Pa ntchito yolondera munda, zipolopolo ziwiri n'zokwanira. Chenjerani ndi zakale zogula kwa anthu zimene zimagwedera potseka, ndipo muwerenge zolembedwa pampope, pakuti zambiri zakale zinapangidwira zipolopolo za mamilimita 70 kapena zofupikirapo, ndipo kuikamo cha mamilimita 76 n'koopsa ngakhale chitalowa bwinobwino.

Yankho la wina wa ku Lilongwe:

Ndingokumbutsa kuti mfuti siigulitsidwa ngati njinga. Chiphaso chimalembedwa nambala ya mfuti yeniyeniyo, choncho kaya mukugula kwa mnansi kaya mukugulitsa yanu, nonse awiri muyenera kudzera ku polisi, ndipo wogula akhale atalandira chilolezo chake musanamupatse mfuti m'manja. Popeza muli m'mphepete mwa nkhalango yotetezedwa, ndi bwinonso kukambirana ndi a nthambi yoona za nyama zakuthengo kuti akuuzeni zimene mungachite ndi nyama yolowa m'munda, chifukwa chiphaso cha mfuti pachokha si chilolezo chosakira.

Yankho la mwini funso:

Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'ana bokosi, ndipo zipolopolo zanga ndi za magalamu 36. Ndayesanso kuika mfuti paphewa ilibe kanthu, ndipo ndaona kuti dzanja lamanzere limafika pa chogwirira chigongono chitawongokeratu, monga momwe ananenera achimwene a ku Limpopo. Baikal ija ndamuuza mnansi kuti sinditenga. Ndiyamba ndi kufupikitsa mtengo, kuika labala ndi kusintha sipuling'i, ndipo ngati pofika nthawi ya chimanga chachiwisi phewa likhale likuvutabe, ndidzatsata malangizo a amayi a ku Mchinji. Chimene chatsala n'chakuti, kodi alipo amene akudziwa mmisiri wovomerezeka wokonza mfuti m'chigawo chapakati, ndipo kodi pamafunika kalata ya ku polisi ponyamula mfuti kupita nayo kwa iye?