Mavalavu a 2JZ-GE yoikidwa turbo: tisunge a fakitale kapena tigule ena?

Makaniko wa ku Biwi:
Akuluakulu anzanga pantchito, ndikupempha nzeru zanu. M'galaja mwanga muli Toyota Aristo ya 1995, ya injini ya 2JZ-GE yopanda VVT-i (njira ya Toyota yosinthira nthawi yotsegukira mavalavu), ndipo mwini wake akufuna tiiike turbo imodzi yoti izikankha mpweya wa 0.6 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya), galimotoyo nkumayendabe pamsewu masiku onse. Hedi, chivundikiro cha masilinda momwe mumakhala mavalavu, ndaimasula kale. Bwanayo anaona pa intaneti mavalavu a makampani a Ferrea ndi Supertech okulirapo ndi milimita imodzi, ndiye wakakamira kuti tisinthe onse 24. Ndalama zake si zambiri, ndipo katunduyo ngwoitanitsa ku Johannesburg. Kodi ndimuvomere, kapena a fakitale apirira?

Wotokosa mahedi ku Ndirande:
Achimwene, musanayambe kuwerengera ndalama, tiuzeni kaye momwe mavalavu muli nawowo alili. Atsukeni bwino, kenako gubuduzani lililonse pagalasi lathyathyathya ndipo muone ngati mutu wake ukuvina, chifukwa lopindika ngakhale pang'ono limadziulula pomwepo. Yezani kukhuthala kwa tsinde ndi chipangizo choyezera cha micrometer pamwamba, pakati ndi pansi, mulilowetse mu gaidi yake (kapaipi komwe tsinde limayendamo) ndi kuligwedeza. Mukatero bwezerani mavalavu ndi masipuling'i, mugoneke hedi chammbali, muthire palafini m'mapoti (njira za mpweya ndi utsi za mu hedi) ndi kudikira mphindi zingapo. Pomwe panyowa kumaso kwa valavu ndi pomwe pali ntchito.

Ndikulimbikira zimenezi chifukwa valavu yotulutsa utsi imagwira ntchito pa kutentha kwa madigiri 700 mpaka 800, ndipo gawo lalikulu la kutenthako, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, limachoka kudzera pamene valavu yakhudzana ndi siti yake (mkombero wa mu hedi womwe valavu imakhalapo ikatseka), lotsalalo nkumadzera mu gaidi. Valavu yokwera mtengo yokhala pa siti yokumbika idzapsa msanga kuposa ya fakitale yomwe yakhazikika bwino. Pa 0.6 bar ine sindikuona chifukwa chotayira mavalavu a Toyota ngati apambana mayeso amenewa.

Makaniko wa ku Biwi:
Zikomo bambo. Olowetsa mpweya onse 12 ali bwino. Otulutsa utsi awiri a silinda yachisanu akudontha palafini, ndipo limodzi mwa iwo m'mphepete mwake mwapyapyala ngati mpeni, kusonyeza kuti wina analipala kale mopitirira muyeso.

Wokonza magalimoto a mpikisano ku Johannesburg:
Limenelo lichotseni, chifukwa mphepete yopyapyala ndi imene imayamba kufiira, ndipo pansi pa turbo ikhoza kuyatsa petulo nthawi isanakwane. Koma pa funso lanu lenileni ndikugwirizana ndi akuluakulu a ku Ndirande. Zomwe zimapha mavalavu pa injini zotere kawirikawiri ndi petulo wochepa poyerekeza ndi mpweya, moto wochedwetsedwa kwambiri womwe umachititsa kuti mafuta azikapsera potulukira, ndiponso anti-lag, njira yopsereza mafuta mu ekizozi kuti turbo isachepetse liwiro, ija anyamata amaikonda chifukwa cha kuphulika kwa ku ekizozi. Ngati bwana wanuyo akufuna kumaombetsa ekizozi, pamenepo ndiye agule otulutsa utsi a Inconel, chifukwa chitsulo chimenecho chili ndi nickel wambiri ndipo sichifooka msanga pamoto. Ngati safuna zimenezo, a fakitale kapena a chitsulo cha 21-4N akwanira. A titanium asawaganizire nkomwe: ngopepuka ndithu, koma amafuna masiti apadera, ndipo kumbali ya utsi wa turbo sakhalitsa pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku.

Za milimita imodzi yowonjezerayo, muuzeni kuti valavu yaikulu imafuna kudula masiti mwatsopano ndi kukonza khosi la poti, apo ayi mpweya udzadutsa wofanana ndi kale ndipo ndalama zidzangopita. Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi kompuresheni, momwe pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda, chifukwa turbo imafuna yotsikirapo. GE yanuyo ili pa 10:1 pamene 2JZ-GTE, yomwe Toyota anaipangira turbo, ili pa 8.5:1. Ndalama za mavalavu 24 zikanathandiza kwambiri pa gasiketi yokhuthala yotsitsira kompuresheni, ma injector (zopopera petulo) aakulu, pampu ya petulo ndi munthu wodziwa kutchuna kompyuta ya injini.

Mphunzitsi wa zamakaniko wopuma pantchito:
Ndiwonjezerepo za masipuling'i, popeza ambiri timawaiwala. Mpweya wa turbo umakankha valavu yolowetsa kuchokera kumbuyo, kufuna kuitsegula pamene sipuling'i ikulimbana kuti iitseke. Pa valavu ya mamilimita 33.6 ngati ya 2JZ, bar imodzi imalanda sipuling'i mphamvu ya makilogalamu 7 kapena 8, choncho pa 0.6 bar ndi makilogalamu 4 kapena 5. Sipuling'i yatsopano imapirira zimenezo, koma yomwe yakhala ikugwira ntchito chiyambire 1995 iyenera kuyezedwa kutalika ndi mphamvu yake.

Chachiwiri, chenjerani ndi mavalavu otchipa opanda dzina. Ndinagulapo paketi ina yolembedwa kuti ndi otulutsa utsi, ndipo nditaika maginito pamutu pake anamata zolimba. Mutu wa valavu yabwino yotulutsa utsi sugwira maginito, ngakhale tsinde lake likhoza kugwira chifukwa a fakitale ambiri amalumikiza zitsulo ziwiri. Amenewo anali a chitsulo cha olowetsa mpweya, ndipo ndinawabweza tsiku lomwelo.

Wotokosa mahedi ku Ndirande:
Aphunzitsi anena zoona. Komanso mukadula siti, valavu imalowa mkati pang'ono ndipo mpata wa ku kamushafuti umachepa, ndiye mashimu, tizitsulo tosinthira mpatawo, muwasankhenso. Injini ili yozizira, pa mpata umenewu olowetsa akhale pakati pa 0.15 ndi 0.25 mm, otulutsa pakati pa 0.25 ndi 0.35 mm. Pa turbo ine otulutsa ndimawaika cha ku 0.33, chifukwa valavu ikatentha imatalika, ndipo yothina siikhala pa siti mokwanira kuti izizire.

Makaniko wa ku Biwi:
Ndakambirana ndi mwini galimoto ndipo ndamuonetsa palafini akudontha ndi maso ake. Za anti-lag wazisiya atamva mtengo wa Inconel. Tagwirizana kusunga olowetsa onse 12, kugula otulutsa 12 a Toyota a saizi ya fakitale, kusintha masipuling'i ndi masiilo a mafuta onse, ndi kudula masiti a mbali ya utsi. Magaidi awiri a silinda yachisanu akugwedera, ndiye asinthidwanso. Bambo a ku Ndirande, hedi ndikutumizirani pa basi Lachinayi, ndipo mashimu ndawaika m'timapepala tolembedwa manambala kuti asasokonezeke.