Ana akungoti "munkhalango munali mitengo yambiri", ndiwathandize bwanji?

Mphunzitsi wa ku Kawale:
Aphunzitsi anzanga, ndigawireni nzeru. Ndimaphunzitsa Sitandade 3 kuno ku Lilongwe. Titatha nthano ya Kalulu ndi Fisi, ndinauza ana kuti afotokoze nkhalango imene awiriwa ankakhalamo. Pafupifupi onse anati "munali mitengo yambiri", n'kuthera pomwepo. Sindikuwada ayi, ambiri anabadwira m'tauni, ndipo Dzalanyama amangoidziwira pa matumba a makala. Ndiyambire pati?

Mayi wopuma pantchito, Dedza:
Aphunzitsi, musayambe ndi maso, maso amathamangira kuwerenga mitengo. Ine ndinkanyamula nkhalangoyo m'thumba: masamba ouma, khungwa la mombo, dothi lothira madzi, ndi masuku ikakhala nyengo yake. Ana atsinzine, mmodzi aponde masambawo, ena anene zimene amva. Wina adzati "tswatswatswa", ndipo pomwepo mufunse kuti, "Kalulu akamva choncho kumbuyo kwake, mtima ukuchita bwanji?" Cholembera chibwere pambuyo, pakamwa patatentha.

Bambo wa ku Zomba:
Zoona mayi, koma ine ndingawonjeze funso limodzi: nkhaniyo ikuchitika mwezi uti? Nkhalango ya mu Okutobala ndi ya nyenje zolira mpaka makutu kuwawa, pansi pali gwa, mphepo ikununkha lupsa. Ya mu Januwale ndi ina: udzu ukunyowetsa miyendo, bowa watuluka, udzudzu uli ponseponse. Ngakhale kuno kuphiri, m'mapaini mumakhala zii ndi fungo la utomoni, zosiyana kwambiri ndi tchire la chilengedwe.

Chimene sindigwirizana nacho ndi kuwakakamiza kudzaza zonse zisanu, kuona, kumva, kununkhiza, kulawa, kukhudza, ngati fomu ya kuchipatala. Mwana akangolemba kuti Fisi anakhudza chitedze n'kuyamba kudzikanda, nkhalango yaoneka kale.

Kholo la ku Area 25:
Nkhalango muli nayo pafupitu! Ku Lilongwe Wildlife Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, kuli tchire lenileni mkati mwa mzinda. Kambiranani ndi ahedi ndi makolo za ulendo. Chonde zolawa zikhale masuku ndi bwemba zogula pamsika, za bowa wam'tchire ana asayese.

Mphunzitsi wa ku Kawale:
Zikomo nonse. Za ulendo zidikira komiti, koma thumba la masamba ndilowa nalo Lolemba. Mayi a ku Dedza, kalasi ikakhala yodzaza, munkawagawa m'magulu kapena onse ankatsinzina limodzi?