Kodi "mayordomo" ndi kapitawo kapena nyakwawa?

Abale, ndithandizeni pa mawu awa. Ndimakhala kumpoto kwa New Mexico, ku America. Mu Epulo, agogo ena oyandikana nawo nyumba anandipempha kuti ndikawagwirire ntchito yokonza ngalande ya m'mudzi, imene kuno amati acequia. Tinalawirira ndi mafosholo kukachotsa matope ndi masamba, madzi ochokera ku mapiri a Sangre de Cristo asanatsegulidwe. Kutsogolo kunali bambo wina akugawa ndime, ndipo ukamaliza yako amabwera kudzaona ngati wakumba mpaka pansi. Onse ankamuitana kuti mayordomo.

Buku lotanthauzira mawu a Chisipanishi likuti mayordomo ndi mkulu wa antchito m'nyumba ya munthu wolemera, kuchokera ku Chilatini, maior domus. Komatu bamboyu alibe bwana. Amamusankha ndi eni minda omwewo, ndipo ndiye amalamula kuti lero madzi alowe kwa uje, mawa kwa uje. Chaka cha chilala amagawa kuti aliyense apezeko ngakhale pang'ono.

Ndikufuna kufotokozera mayi anga ku Ntcheu. Ndinayamba kulemba kuti kapitawo, poti mawuwo tinabwereka kwa Apwitikizi, capitão, ndiye ndimati ndi pachibale. Koma dzanja linakana. Kapitawo kwathu amatikumbutsa maesiteti ndi thangata, munthu woimira mzungu. Nyakwawa nayenso sakukwanira, chifukwa udindowo umayenda m'magazi. Nanga wantchito wa m'nyumba anasanduka bwanji woweruza madzi?

*

Achimwene, ine ndinakhalapo ku Mexico. Kumeneko mayordomo ndi amene mudzi wamusenzetsa chikondwerero cha woyera mtima wawo chaka chimenecho, ndipo nthawi zambiri amawononga ndalama za m'thumba mwake. Ndiye ndikuona kuti utumiki uja sunachoke m'mawuwo. Chinasintha ndi nyumba: inakula n'kukhala mudzi wonse.

Muonenso mawu akuti acequia. Si Chisipanishi choyambirira, anachokera ku Chiarabu, as-saqiya, nthawi imene Asilamu ankalamulira mbali zina za Spain, kuyambira 711 mpaka 1492. Anthu a Juan de Oñate, mtsogoleri wa atsamunda a Chisipanishi, atafika ku New Mexico mu 1598 anakumba ngalande yawo pafupi ndi Ohkay Owingeh, mudzi wa anthu a Pueblo, eni nthaka a kumeneko. Koma musaiwale kuuza mayi kuti anthu a Pueblo ankathirira kale chimanga Asipanishi asanafike.

*

Zikomo achemwali, mwanditsegula maso. Dzulo ndinakafunsa agogo aja ngati mayordomo amaopedwa. Anandiuza kuti malemu amuna awo ali pa udindowu, ankadzuka pakati pa usiku ndi tochi kukaona ngati wina watsegula chitseko cha madzi isanakwane nthawi yake, ndipo tsiku lina anapeza mphwawo weniweni. Anatseka, m'mawa n'kukamwa naye khofi. Kapitawo ndafufuta. Pakali pano ndalemba kuti "mdindo wa ngalande". Akuluakulu odziwa Chichewa chakale, kodi mdindo akukwana, kapena alipo mawu ena amene makolo ankatchulira wogawa madzi m'madimba?