Thandizeni, graph yanga ya matplotlib yasokonekera

Membala wosatchula dzina:
Akuluakulu ndithandizeni chonde. Ndili ku Monkey Bay kuno, ndikulemba ripoti ya kusukulu yokhudza kutentha kwa madzi a m'nyanja ndi kagwidwe ka usipa. Data ndinatolera ndekha m'madoko, dzuwa la kuno mukulidziwa, ndalama ya fieldwork mpaka lero kuli zii. Laputopu ndi yobwereka kwa mlamu wanga, batire inafa kalekale, magetsi akangothima ntchito yaima. Supervisor sayankha foni koma akufuna ma graph Lolemba. Ndikugwiritsa ntchito Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndi matplotlib, chida chake chojambulira ma graph. Manambala a m'mbali mwa graph sakutsatana, 27 ali pansi pa 24, ndipo mzere ukungokwera ngati makwerero. Ndikaisunga, chithunzi chikutuluka choyera mbee. Vuto lili pati?

Mdala wa R:
VUTO NDI PYTHON YOMWEYO. Achimwene, anthu a nsomba timagwiritsa ntchito R, chilankhulo china chowerengera data. Ikani ggplot2 yojambulira ma graph mu R, mizere iwiri basi graph yatuluka. Ndakhala ndikunena pa gulu pano koma simumva.

Nachisale:
Tiwonetseni code yanu kaye. Tikuthandizani bwanji tisanaione?

Wa ku Namwera:
Ine zinandionekera chaka chatha. Flash inalowa virus ku internet cafe, chaputala chonse chinapita, ndinalira ngati mwana. Sungani ntchito yanu pa Google Drive amwene, za graph mudzaziona pambuyo.

Che Bwanali:
Kkkk mzere ukungokwera? Mwajambula mtengo wa usipa pa msika wa Mangochi inu, osati kutentha kwa madzi.

Mdala wa R:
Mukuona? Mu R zoterezi KULIBE.

Nachisale:
Ziliko mdala, musanamize mwana. Ngakhale mu R, column ikakhala ndi mawu imawerengedwa ngati character. Inu wofunsa, lembani print(df.dtypes). Column ya kutentha ikaonetsa object m'malo mwa float64, ndiye kuti pandas, chida chowerengera data mu Python, ikuona manambala anu ngati mawu. Matplotlib ikalandira mawu simawasanja kuyambira pa nambala yaing'ono, imangowaika motsatana ndi m'mene yawapezera mu fayilo, n'chifukwa chake mzere ukukwera. Kawirikawiri chimayambitsa ndi selo imodzi yomwe munalembamo "26C" kapena "palibe", kapena 27,5 m'malo mwa 27.5. Yesani pd.to_numeric(df["temp"], errors="coerce"), kenako muone mizere yomwe yasanduka NaN, kutanthauza kuti si nambala.

Mdala wa R:
Zonsezo kuti mupeze graph imodzi? Moyo ndi waufupi mayi.

Mphunzitsi wa Physics:
Ana a masiku ano mukuthamangira code musanadziwe kujambula graph pa pepala. Ma axis anu ali ndi ma unit? Komanso munayeza miyezi iti? Nthawi ya mwera, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, madzi a kumwera kwa nyanja amazizira chifukwa mphepo imakankha madzi apamwamba, a pansi n'kukwera. Graph yanu ikapanda kuonetsa kutsika pamenepo, funsani thermometer yanu.

Wa ku Namwera:
Aphunzitsi, munthu wafunsa za kompyuta, inu mwayamba kulemba mayeso.

Mphunzitsi wa Physics:
Nanga flash yanu ija inali yankho?

Kondwa_dev:
Za chithunzi choyeracho: ikani plt.savefig() pamwamba pa plt.show(). Mukatseka windo ya show, figure ija imapita, ndiye mukusunga yatsopano yopanda kanthu.

Mdala wa R:
ggsave() ilibe nkhani zimenezo. Wofunsa, ndipezeni ku inbox, ndimaphunzitsa R Loweruka lililonse ku Boma, mtengo tigwirizana.

Che Bwanali:
Eee, ndiye phokoso lonseli linali malonda?

Nachisale:
Wofunsa, dtypes yaonetsa chiyani? Ikani screenshot ya mizere isanu yoyamba ya fayiloyo.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse. Magetsi athimanso, ndikulemba pa foni. Mlamu akuti laputopu akuifuna mawa m'mawa. Kodi R imalowa pa foni?