Maliro a Aemilius Paullus mu 3D: khamu silikumuona wolankhula

Wofunsa:
Akuluakulu, thandizeni. Tikumanga mu Blender, pulogalamu ya pakompyuta yopangira zinthu za 3D, mdipiti wa maliro a Lucius Aemilius Paullus, mkulu wa nkhondo wa ku Rome amene adagonjetsa Macedonia, a mu 160 BC, kuti pambuyo pake upite ku Unreal, pulogalamu yoziyendetsera ngati masewera. Bwalo la Forum, bwalo lalikulu la mzinda wa Rome, tatenga lopangidwa kale. Mdipiti ukamatsika ndi msewu wa Via Sacra ukugundana ndi kachisi wa Divus Julius, ndipo kamera ikaima pakati pa khamu, wolankhula pa Rostra, nsanja yolankhulirapo, sakuoneka bwino.

Wofukula zakale:
Achimwene, vuto ndi chaka. Bwalo mwatengalo ndi la nthawi ya mafumu otchedwa emperor, ngati la m'chithunzi cha 3D cha Rome Reborn lomwe limaonetsa mzindawu mu 320 AD. Kachisi mukutchulayo adatsegulidwa mu 29 BC, choncho mchotseni. Chotsaninso chipata cha Septimius Severus cha 203 AD, nyumba za Curia Julia ndi Tabularium ya 78 BC, ndi chipata cha Fornix Fabianus cha 121 BC. Chachikulu ndi Rostra. Nsanja ili kumadzulo kwa bwalo ija ndi ya Julius Caesar ndi Augustus. Mu 160 BC nsanja inali m'mphepete mwa Comitium, kabwalo ka misonkhano ka pambali pa Forum, moyang'anizana ndi Curia Hostilia, nyumba ya aphungu. Muikemo maholo akuluakulu awa: Basilica Porcia ya 184 BC, Basilica Fulvia ya 179 BC, Basilica Sempronia ya 169 BC ndi timasitolo ta mbali zonse ziwiri. Pansi penipenipo musatenge miyala ikuoneka lero, chifukwa bwalolo adaliyala kangapo ndipo nthaka idakwera.

Wa Unreal:
Musanagwetse chilichonse, onani muyeso. Blender imawerenga mamita, Unreal masentimita, ndiye fayilo ya FBX yotuluka molakwika imakula kapena kuchepa ka 100. Imikani munthu wa mamita 1.65 pafupi ndi khomo, muona pomwepo. Phazi lachiroma ndi mamita 0.296. Kamera ikhale pa mamita 1.55 kuchokera pansi, lenzi ya 35 kapena 50 mm. Lenzi yotambalala imanamiza, bwalo limaoneka lalikulu kuposa momwe lilili. Khamu lipangeni ndi instancing, kubwereza matupi omwewo kambirimbiri, matupi khumi okwanira, muzingosintha nsalu. Yesani anthu awiri pa sikweyamita, kenako anayi. Mitu yam'tsogolo ndiyo imatchinga maso, osati makoma okha.

Wofunsa:
Zikomo. Nanga wolankhula ayang'ane kuti? Ndipo ovala zigoba aime pati?

Mphunzitsi wa mbiri:
Asaime, akhale pansi. Polybius, wolemba mbiri yemwe ankakhala ku Rome nthawi imeneyo ndipo ankalidziwa bwino banja la Paullus, akuti mtembo ankafika nawo pa Rostra, kawirikawiri uli chilili kuti onse auone, mwa apo ndi apo uli chogona. Zigoba za makolo, zomwe ankaumba ndi phula, ankaveka amuna ofanana nawo msinkhu. Iwo ankabwera pa magaleta, patsogolo pawo pali onyamula mitolo ya ndodo ndi nkhwangwa, ndipo akafika ankakhala mondondozana pa mipando ya minyanga ya njovu. Zovala musasakanize: wa udindo waukulu m'boma wa consul kapena praetor nsalu ya mkombero wapepo, censor (wowerenga anthu) yapepo yonse, amene adachitiridwa chikondwerero cha kupambana nkhondo yopetedwa ndi golide. Apa ndi pofunika kutayapo nthawi, chifukwa wolankhula akatha kutamanda malemu ankayamba kutchula zochita za makolowo kuyambira wakale kwambiri. Ngati khamu silikuona mzera wa mipando, mwambo wonse watayika, ngakhale mizati itakongola chotani.

Za koyang'ana, wolemba wachiroma Cicero akuti wandale Gaius Licinius Crassus ndiye adayamba kutembenukira ku Forum polankhula ndi anthu, mu 145 BC. Koma zimenezo ndi za misonkhano ya ndale, ndipo khamu la maliro a munthu wogonjetsa Macedonia silikanakwana mu Comitium. Ine ndingapange zonse ziwiri, kamera iliyonse ndi dzina lake.

Wofukula zakale:
Ndikugwirizana nanu, mayi. Ndipo mitundu isiyane: zomwe maziko ake adafukulidwa zikhale zolimba, zochokera m'zolembedwa zokha zotuwa, zongoganizira zoonekera mkati. Pa chinthu chilichonse lembani chifukwa chomwe mwasankhira kutalika kwake, monga imanenera London Charter, ndondomeko ya oonetsa zakale pakompyuta. Kutalika kwa nsanja kuikeni pa chosinthira, muzikweza ndi kutsitsa theka la mita mukuyang'ana kuchokera kumbuyo kwa khamu.

Wa Unreal:
Magaleta muwapatse collision yawoyawo, malire owaletsa kudutsa m'zinthu zina, pamodzi ndi akavalo. Mukangowayendetsa pa spline, mzere wojambulira njira yawo, adzadutsa m'makoma a timasitolo inu osadziwa, ndipo pokhota popanikiza sipadzaoneka.