Kutsika ndi akavalo kuchokera ku Angonia kupita ku Tete m'chilimwe: kodi mafani akwanira?

Mlimi wa ku Angonia

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndili ndi akavalo awiri, wamkazi ndi wamphongo wofula, amene anabadwira ndi kukulira kuno kumtunda kwa Angonia, ndipo ndiyenera kukawasiya kwa munthu amene wawagula, yemwe malo ake ali kutsidya kwa mtsinje wa Zambezi, kupitirira pang'ono mzinda wa Tete. Ulendowu wagwera kumapeto kwa Okutobala ndipo wogulayo sakufuna kudikira kuti mvula iyambe. Ngolo imene ndabwereka ndi yokoka ndi galimoto, yolowa akavalo awiri. Denga lake ndi lachitsulo lopaka utoto wakuda, kutsogolo kuli timazenera tiwiri, padenga pali kachitseko kamodzi, ndipo chitseko chakumbuyo chili ndi mbali yam'mwamba imene imatha kutseguka payokha.

Kuchokera ku Ulongwe kudzera pa Mussacama ndi Moatize ndi mtunda wopitirira makilomita 200, ndipo poti ndidzakhala ndikukoka ziweto sindingathe kuthamanga. Mwini ngoloyo wandilangiza kuti ndigule mafani awiri a mavoti 12 ndipo nditseke mazenera onse kuti fumbi ndi mphepo yotentha ya kuchigwa zisalowe. Ndikupempha amene mukudziwa za nkhaniyi mundiunikire ngati mafaniwo angakwanire, malo oyenera kuwamangirira, komanso nthawi yabwino yonyamukira.

Mlangizi wa ziweto wopuma pantchito

Bambo a ku Angonia, malangizo otseka mazenera musawatsatire, ngakhale achokera kwa mwini ngolo. Fani siziziritsa mpweya, imangouyendetsa, choncho mukatseka ponseponse idzangozunguza mpweya womwewo umene akavalo awiri akuutenthetsa ndi matupi awo ndi kuunyowetsa ndi thukuta komanso mkodzo. Kavalo amatulutsa kutentha kwa m'thupi makamaka kudzera m'thukuta, ndipo thukutalo limathandiza pokhapokha likamauma pakhungu. Mpweya wa m'ngolo ukadzaza chinyezi, thukuta limangotsetsereka mpaka m'miyendo osauma, ndipo chiwetocho chimataya madzi ndi mchere popanda kupeza mpumulo uliwonse.

Thupi la kavalo wathanzi limatentha pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5. Mu mzinda wa Tete, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, si zachilendo kuti masana kutenthe kupitirira madigiri 40 pamthunzi. Izi zikutanthauza kuti dzuwa likafika paliwombo, mphepo imene fani idzakankhira pa kavalo idzakhala yotentha kuposa kavaloyo, ndipo ngati khungu lake lili louma, mphepoyo idzamuwonjezera kutentha m'malo momuchotsera. N'chifukwa chake ine ndikuona kuti chinthu chachikulu pa ulendo wanu ndi nthawi yonyamukira, kenako madzi, ndipo mafani akubwera pambuyo pa ziwirizi. Akavalo anu anazolowera dziko lokwera mamita opitirira 1,000, kumene usiku kumafunika bulangete, ndipo m'maola ochepa mudzawatsitsira kuchigwa kumene sikufika ngakhale mamita 200. Nyamukani usiku ukadalipo, cha m'ma 3 koloko, kuti pofika 8 kapena 9 koloko mmawa mukhale mutawoloka Zambezi ndipo akavalo ali pansi pa mtengo.

Kavalo wamkulu amamwa malita 25 mpaka 40 patsiku ngakhale kusakutentha kwenikweni, ndipo m'chilimwe amamwa kuposa pamenepo. Tengani madzi a kwanu m'zigubu, chifukwa akavalo ambiri amakana madzi achilendo akamva fungo lina, ndipo kukana kumwa pa tsiku lotentha kumabweretsa kupotokola kwa m'mimba. Masiku angapo ulendo usanafike muziwathirira kamchere pang'ono m'chakudya kuti azimwa mokwanira. Musanawakweze, athireni madzi pakhosi, pachifuwa ndi pakati pa miyendo yakumbuyo, ndipo muchitenso chimodzimodzi mukaima panjira. Musawafunditse nsanza zonyowa, popeza nsanza imatentha msanga ndipo imatsekereza mphepo kufika pakhungu.

Chingwe cha kumutu musachifupikitse kwambiri. Kavalo amafunika kuweramitsa mutu kuti mamina ndi fumbi zituluke m'njira ya mpweya, ndipo akayenda nthawi yaitali mutu uli m'mwamba amatha kudwala chibayo patapita tsiku limodzi kapena awiri. Udzu wouma umene muwaikire m'ngolo muunyike kaye m'madzi kuti fani isamawaulutsire fumbi lake m'mphuno.

Mugulenso themomita ku famasi, ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi fani. Mukaima, yezani kutentha kudzera kumatako. Kavalo wopuma bwino amapuma ka 8 mpaka ka 16 pamphindi, ndipo mtima wake umagunda ka 28 mpaka ka 44. Mukaona kutentha kwafika madigiri 40, mphuno zatambasuka, nthiti zikuthamanga, kapena khungu la pakhosi mukalitsina likuchedwa kubwerera, fufuzani mthunzi, muthireni madzi ozizira mosalekeza thupi lonse ndipo muimbire dokotala wa ziweto. Chizindikiro choopsa kwambiri ndi kavalo amene akupuma mofulumira koma khungu lake lili gwaa, lopanda thukuta.

Mmisiri wa magetsi a galimoto, Moatize

Achikulire afotokoza za thupi la kavalo, ine ndingowonjezera za ngoloyo, popeza ndi ntchito imene ndimagwira. Mpweya umafunika polowera ndi potulukira. Timazenera takutsogolo ndi kachitseko ka padenga ndi polowera, mbali yam'mwamba ya chitseko chakumbuyo ndi potulukira. Ngati kachitseko ka padengako kamatseguka mbali zonse ziwiri, kakayang'ana kutsogolo kamakokera mphepo m'kati galimoto ikamayenda, ndipo kakayang'ana kumbuyo kamayamwa mpweya wotentha n'kuutulutsa. Poti muli ndi mazenera kale kutsogolo, ine ndingakatembenuzire kumbuyo, chifukwa mpweya wotentha umaunjikana pansi pa denga, pomwepo pamene pali mitu ya akavalo. Mazenera akhale ndi zitsulo zotchinga kapena sefa yolimba. Kavalo asatulutse mutu kunja ngolo ikuyenda, popeza msewu wa N7 uli ndi mathiraki ambiri odutsana pafupi, ndipo kamwala kamodzi kokha kangathe kumuboola diso.

Galimoto ikamayenda makilomita 60 paola, mphepo yolowa pamazenera imaposa kutali imene fani yaing'ono ingapereke. Ntchito yeniyeni ya fani imayamba mukaima, kaya pa malo ofufuzira makalata, kaya pamzere wa mathiraki kuno ku Moatize, kaya pamlatho. Pamenepo m'ngolo mumatentha mofulumira kwambiri, ndipo anthu ambiri amalakwitsa polumikiza mafani ku waya umene umazima injini ikazima, moti mafaniwo amasiya kuzungulira panthawi yomwe akufunika. Gulani batire yapadera, muimangirire bwino m'bokosi kunja kwa chipinda cha akavalo, ndipo muike fyuzi pafupi ndi batireyo. Mafani ang'onoang'ono a mavoti 12 sadya moto wambiri, batire yagalimoto yodzaza bwino iwayendetsa onse awiri ulendo wonse. Sankhani okhala ndi chitetezo cha mawaya othithikana, muwamangirire m'mwamba m'ngodya zakutsogolo ndi mabawuti, osati ndi waya wopota, ndipo ayang'ane kumbuyo motsatira msana wa kavalo kuti azithandizana ndi mphepo ya pamazenera m'malo molimbana nayo. Asawombe m'maso. Mawaya onse adutse m'paipi, chifukwa kavalo wotopa ndi kuima amatafuna chilichonse chimene milomo yake yafikira. Muwayatse tsiku lina akavalo ali m'ngolo pakhomo kuti azolowere phokoso lake.

Denga lakudalo likundidetsa nkhawa kuposa zonse. Aliyense amene anagwirapo malata masana kuno kuchigwa akudziwa kuti dzanja silikhalitsapo. Pemphani mwini ngolo akuloleni kulipaka utoto woyera, ndipo ngati ndalama zilipo mumatenso chotchinga kutentha kunsi kwake, ngakhale pulayiwudi yopyapyala yosiya kampata pakati pa iyo ndi chitsulo. Pansi napo pamatentha chifukwa phula limabweza moto wa dzuwa, choncho pakhale matabwa olimba ndi mphira pamwamba pake. Onaninso kumene paipi ya utsi ya galimoto yanu yaloza. Ngati yaloza molunjika kumbuyo, utsi wa dizilo udzalowera pa timazenera tomwe mwatsegula tija, ndipo mmisiri aliyense wowotcherera zitsulo angathe kuikhotetsera kumbali.

Powoloka Zambezi muli ndi milatho iwiri. Wa Samora Machel umakulowetsani pakati pa mzinda pamene mudzaima kawirikawiri, pomwe wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014, umalambalala mzindawo. Funsani wogula wanu kuti wapafupi ndi malo ake ndi uti, koma musankhe umene mudzaimepo pang'ono.

Mayi oweta ziweto, Tsangano

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene zanenedwa, koma pa nthawi yonyamukira ndili ndi mantha ena amene alangizi sanawatchule. Nthenda ya akavalo imene pa Chingerezi amaitcha African horse sickness imafalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono kwambiri kuposa udzudzu, ndipo timaluma kuyambira chisisira mpaka mbandakucha, nthawi yomweyo imene mukuti akavalo akhale panjira mazenera ali otsegula. Nthendayi imapha akavalo ambiri amene yawagwira, ndipo ilibe mankhwala ochiza. Kodi pothawa dzuwa sitikuwapereka akavalowa kwa tizilombo?

Chinanso ndi kashembe. M'madera ena a chigwa cha Zambezi ntchentche imeneyi ilipo, ndipo kavalo salimba ku nthenda imene imafalitsa. Bambo, mufunse wogulayo ngati ng'ombe za m'dera lake zimavutika ndi kashembe, ndipo ngati ndi choncho akonzeretu mankhwala ndi dokotala wa ziweto akavalo asanafike. Makalata oyendetsera ziweto, guia de trânsito ija, mukatengeretu ku SDAE, ofesi yoona za ulimi ndi ntchito zachuma ya boma lanu, masiku akadalipo, ndipo akhale pafupi ndi dalaivala. Kalata ikasowa mudzaimitsidwa padzuwa kwa nthawi yaitali, ndipo zonse zimene a ku Moatize akuti mukonze m'ngolomo sizidzakwanira.

Mlimi wa ku Angonia

Zikomo kwambiri nonse. Mwini ngolo wavomera zopaka denga, ndipo batire yapadera ndiipeza. Akavalo onse awiri analandira katemera wa nthenda imene mayi atchula. Komabe funso lawo landisiya njakata, ndipo ndikupempha alangizi abwerenso: ndinyamuke usiku monga munanenera, kapena ndidikire dzuwa lituluke?

Mlangizi wa ziweto wopuma pantchito

Mayi a ku Tsangano afunsa funso loyenera, ndipo ulendowu ukanakhala wa mu Malichi kapena Epulo ndikanayankha mosiyana. Tizilombo timeneti timaswana m'matope ndi m'malo onyowa, choncho timachuluka mvula ikagwa ndithu, makamaka chakumapeto kwa dzinja. Kumapeto kwa Okutobala dziko likadali louma ndipo timakhala tochepa, pamene dzuwa la kuchigwa lili pachimake. Tizilomboti tilinso ndi mphamvu zochepa pouluka, sitingalimbane ndi mphepo ya m'ngolo imene ikuyenda, ndipo ngakhale m'makola anthu amaika mafani pofuna kutithamangitsa. Apa ndiye mafani anu adzagwira ntchito yachiwiri mukaima kusanache. Poti akavalo anabayidwa kale, nyamukani usiku monga ndinanenera, muwapake mankhwala othamangitsa tizilombo musanawakweze, ndipo musaime pafupi ndi dambo kapena mtsinje. Mankhwalawo muwapake makamaka pamimba, pamsana ndi kumutu, ndipo mukumbukire kuti madzi amene mudzawathire panjira adzawasukulutsa, choncho botolo likhale m'galimoto.

Kuyenda usiku kuli ndi zovuta zake pa msewu wotsika kuchokera ku Angonia, choncho magetsi akumbuyo kwa ngolo ndi mabuleki ake ziyesedwe dzulo lake, ndipo mukhale awiri m'galimoto kuti wina aziyang'anira akavalo mukaima. Muime kamodzi cha pa Mussacama kukadali kozizira, muwapatse madzi ali m'ngolo momwemo, ndipo musawatsitse m'mbali mwa msewu chifukwa kavalo wodzidzimuka ndi thiraki savomera kukweranso msanga.

Wogulayo mumuuze kuti akavalo ochokera kumalo ozizira amatenga milungu iwiri kapena itatu kuti matupi awo azolowere kutentha, ndipo ena amasiya kutuluka thukuta akakhala kumalo otentha kwambiri. Pa milungu imeneyo asawakwere masana, akhale ndi mthunzi ndi madzi nthawi zonse, ndipo aziwayeza kutentha mmawa uliwonse kwa masiku atatu oyambirira, popeza chibayo cha paulendo chimayamba kuonekera pa themomita kavalo asanayambe kutsokomola.